Sitolo yabweza mpunga, akuti paketi ilibe chizindikiro

Wachigayo, Bua: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Sitolo ina ku Lilongwe yabweza mapaketi anga a Kilombero a 2kg, akuti alibe chizindikiro. Komatu kutsogolo kuli chithunzi cha chambo ndi dzina la bizinesi yanga. Akufunanso chiyani?

Mayi a ku Lifuwu: Pepani achimwene. Chambo chanucho n'chizindikiro cha malonda, chongouza wogula kuti mpungawu ndi wa uje. A sitolowo akufuna cha bungwe loona za miyezo ya katundu la Malawi Bureau of Standards (MBS), chotsimikiza kuti mpunga unayezedwa. Ziwirizi zimachokera ku maofesi osiyana.

Wachigayo, Bua: Ndiye ndingomuuza wosindikiza awonjezere cha MBS pambali?

Mdala wa ku Dwangwa: Musayerekeze dala! Kuika chimenecho popanda chilolezo ndi mlandu, katundu mulanditsa. Mumapempha kaye, iwo n'kubwera kudzayendera pamalo. Amayang'ana zomwe ife timazipeputsa. Pansi pali simenti kapena fumbi? Matumba asanjidwa pa mapaleti kapena angotsamira khoma? Makoswe akulowera pati, antchito akusamba kuti m'manja? Akatero amatenga mpunga pang'ono kukauyeza chinyontho, timiyala, mankhusu ndi kuchuluka kwa wosweka. Pa miyezo ya MBS, za ukhondo zili mu MS 21, zolemba pa paketi mu MS 19. Yambani mwakonza pachigayopo musanawaitane.

Mayi a ku Lifuwu: Paketiyo ionetsenso kulemera kwake, adiresi yanu, masiku ndi nambala ya batchi, kutanthauza gulu la mpunga wopakidwa nthawi imodzi. Kanambalaka musakaderere. Wogula akapeza anankafumbwe, mumaitanitsa gulu lokhalo, mpunga wina wonsewo n'kumagulitsidwabe.

Wachigayo, Bua: Nanga chambo changachi wina akachikopera?

Wosindikiza, Salima: Kachilembetseni ku ofesi ya boma yoona zizindikiro za malonda, bwana. Lamulo lake ndi la 2018, ndipo polembetsa zizindikiro katundu amagawidwa m'magulu, mpunga uli m'gulu 30. Ka R kozunguliridwa kaja ine ndimakana kusindikiza munthu asanandionetse satifiketi, chifukwa kamanena kuti chizindikiro chinalembetsedwa kale. Koma dzina loti Kilombero lisiyeni, ndi mtundu wa mbewu ngati Faya, ndipo a ku Karonga amalima womwewo. Chanuchanu ndi chambocho pamodzi ndi dzina la bizinesi.

Wachigayo, Bua: Zamveka, zikomo nonse. Mapaketi atsopano ndaimitsa kaye, ndiyamba ndi simenti ya m'chipinda chosungiramo matumba. Mdala, munditumizireko kalata yomwe munalembera a MBS ndionere kalembedwe.

Mdala wa ku Dwangwa: Ndiijambula madzulo ndikafika kunyumba.