Kamera ikungojambula udzu pomwe mbuzi zikutha m'khola

aTembo, skauti ku Lupande:
Akuluakulu ndi anzanga apantchito, ndithandizeni nzeru. Pamudzi wina kuno ku Lupande, pafupi ndi paki ya South Luangwa, chilombo chikugwira mbuzi usiku. Eni mbuzi akuti ndi nyalugwe ndipo akufuna aphedwe. Mapazi amene ndinaona kuseri kwa khola ali ndi zikhadabo, ndiye ine ndikuganizira fisi, koma pofika m'mawa agalu ndi ana amakhala atapondaponda kale, ndipo palibe akundimvera. Ndinabwereka makamera awiri a m'tchire, aja odzijambulira okha nyama ikadutsa. Khadi yosungira zithunzi ikudzaza ndi udzu, dzuwa ndi mbuzi zomwezo. Mabatire sakufika sabata. Usiku umene mbuzi ina inatengedwa ndinapeza chithunzi chimodzi, chinthu choyererera ngati utsi chili pakona. Ku ofesi ya DNPW, nthambi ya boma yoyang'anira mapaki ndi nyama zakutchire, akudikira lipoti.

aMbewe, gaidi ku Mfuwe:
Pepani ndi ntchito aTembo. Mwaimangirira pati, yayang'ana kuti, ndipo mwaika mabatire anji?

aTembo:
Pamtengo wa mupani, msinkhu wa pachifuwa, yayang'ana kumadzulo komwe kuli khola. Inayo ili pankhokwe. Mabatire ndi ogula pagolosale.

aMbewe:
Ndiye vuto laoneka. Kamera imeneyi siiona nyama ngati mmene timaonera ife. Ili ndi sensa imene imamva kutentha kukamasuntha patsogolo pake. Chinthu chotentha kusiyana ndi malo ochizungulira chikayenda, imawombera. Tsono ganizani Okutobala wa kuno kuchigwa, masana kutentha kumapitirira madigiri 40. Udzu wouma wapsa ndi dzuwa, mphepo ikaugwedeza kamera ikuyesa nyama. Kukangoda nthaka imakhala ikadali yotentha pafupifupi mofanana ndi thupi la nyama, ndiye fisi akhoza kudutsa sensa osamumva bwino. Imayamba kugwira ntchito mwachilungamo usiku ukakula, pansi patazizira.

Chotsani kumadzulo. Dzuwa likamalowa limalasa m'sensa mwenimwenimo. Iyang'ane kum'mwera, kapena kumpoto ngati malo sakulola. Lambulani udzu ndi tinthambi tonse patsogolo pake mamita asanu, musasiye ngakhale katsamba kolendewera pafupi ndi galasi. Ndipo musailozetse kukhola. Mbuzi zimayendayenda usiku wonse, ndi zimene zikukudyerani mabatire. Chimene mukufuna ndi njira imene chilombo chimadzera.

Onaninso m'menyu ngati muli posankha maola ogwirira ntchito. Ambiri ali napo. Ikani kuyambira 18 koloko mpaka 6 m'mawa, masana izigona.

Mai Zulu, othandiza pa kafukufuku wa nyama zolusa:
Ndiwonjezere pa za msinkhu, achimwene. Pachifuwa m'patali kwambiri. Ife pofuna nyalugwe kapena fisi timamanga pabondo, masentimita 40 kapena 50 kuchokera pansi, kamera itaima chilili osaweramira pansi. Ikhale mamita atatu kapena anayi kuchokera panjira. Chithunzi chanu choyereracho chikusonyeza kuti nyama inadutsa pafupi kwambiri, kuwala kwa kamera n'kuiwalitsa mopitirira.

China chimene ambiri sachidziwa: sensa imamva msanga nyama yodutsa chopingasa kuposa yobwera molunjika. Koma mukaika chopingasa kwenikweni, kamera yochedwa kuwombera imangogwira mchira. Ndiye ipendeketseni pang'ono, iziona njira chammbali, kuti nyama ikhalitse patsogolo pake. Sankhani zithunzi zitatu pa kuwombera kumodzi, ndipo nthawi yodikira pakati ikhale yochepetsetsa. Vidiyo isiyeni kaye.

Popeza muli nawo awiri, aikeni mbali zonse ziwiri za njira, koma asayang'anane maso ndi maso, wina asunthe pang'ono kuti kuwala kwa mnzake kusamuphe maso. Mawanga a nyalugwe amasiyana kumanja ndi kumanzere, ndipo palibe anyalugwe awiri ofanana mawanga. Ngati alidi nyalugwe, a DNPW adzafuna kudziwa kuti ndi uti, chifukwa chigwa cha Luangwa chili ndi anyalugwe ambiri ndipo wodutsa pamudzi si ndiye wakuba nthawi zonse. Mukamaliza kumanga, kwawani ndi manja ndi maondo panjirapo, kenako onani ngati yakujambulani. Anthu aseka, koma palibe njira ina yoyesera yoposa imeneyo. Kukanakhala kotheka mukanapeza ya fulashi yoyera. Ya infrared, ija ya kuwala kosaoneka ndi maso a munthu, imasokoneza mawanga nyama ikamayenda.

aMbewe:
Apo pa fulashi yoyera sindikugwirizana nanu, Mai Zulu. M'paki inde. Pamudzi, chinthu chong'anima usiku kuseri kwa khola la munthu chibweretsa nkhani zina, ndipo aliyense adziwa pamene chili. Funso la aTembo panopa ndi fisi kapena nyalugwe basi. Infrared ikwanira, msana wotsetsereka wa fisi sungasokonezeke ndi chilichonse.

Mai Zulu:
Pa funso limenelo lokha ndavomera. Akapezeka nyalugwe tidzakambiranenso.

aBanda, wokonza zamagetsi paloji:
Za mabatire. Otchipa a pagolosale aja ndi a wailesi ndi tochi, sangapirire magetsi amene kamera imakoka usiku poyatsa infrared. Pezani a lithium a AA, ku Chipata amapezeka mukafufuza. Otchaja a NiMH amagwira koma amatulutsa mavoti 1.2 m'malo mwa 1.5, ndiye makamera ena amawaona ngati atha asanathe, pokhapokha musinthe mtundu wa batire m'menyu. Osasakaniza akale ndi atsopano. Khadi muifomate m'kamera momwemo, osati pafoni. Konzaninso tsiku ndi ola mukasintha mabatire, lipoti lokhala ndi deti yolakwika lidzakuvutitsani. Ndipo onani labala ya pachitseko, nyerere zimakonda kumanga m'kati.

aNyirenda, skauti wopuma:
Ana anga, zonsezi n'zabwino, koma musaiwale nyama yakufayo. Ife tinagwira ntchito nthawi ya ZAWA, bungwe limene linkayang'anira nyama DNPW isanabwere, ndi kale lake tilibe makamera. Nyalugwe amagwira pakhosi, mupeza mabowo a mano pamenepo, ndipo nyama amainyamula kukaibisa pachitsamba kapena kuikweza mumtengo. Amalumpha mpanda, sagumula. Fisi amazula mitengo ya khola, amaluma paliponse pamene wapeza, amaphwanya mafupa, nthawi zina mungotola nyanga ndi ziboda. Funsani eni ake chimene anatola. Madzulo sesani dothi kuzungulira khola ndi nthambi, mbandakucha mufike agalu asanatuluke.

Kamera yanu ya pabondoyo fisi aitafuna, ndikukuuziranitu. Amanunkhiza thukuta ndi chakudya cha m'manja mwanu. Sambani musanaigwire, ndipo ngati mulibe bokosi lachitsulo pitani kwa owotcherera akupangireni, mumange ndi waya, osati lamba wake uja. Njovu nazo zikamabwera ku mango zimazula chilichonse chachilendo.

Ndipo aTembo, mwawauza amfumu? Kamera imajambula ndi anthu omwe, wopita kuthengo usiku, wochokera kumowa. Itanani mwini khola pomanga, aone yekha komwe yayang'ana. Khadi mutsegulire limodzi. Mukakatsegula nokha n'kubwera kudzanena kuti ndi fisi, adzati mukuteteza nyalugwe wanu wa azungu.

Mai Zulu:
Zoona aNyirenda. Ndipo zithunzi zisapite pa Facebook ndi dzina la mudzi. Otchera misampha nawo amawerenga. Nyambo musaike, mungazoloweretse chilombo pakhomo pa anthu.

aTembo:
Ndabweranso akuluakulu. Ndinapita kwa amfumu, mwini khola anandithandiza kulambula udzu ndipo ndi iye anandionetsa kanjira kochokera kudambo. Bokosi anandipangira owotcherera a ku Mfuwe. Khadi tinatsegulira pamodzi pa laputopu ya ku ofesi, anthu atazungulira. Afisi awiri, cha m'ma 2 koloko usiku. Wamkulu akuoneka bwinobwino akutsika kanjirako, ndipo pa chithunzi cha kamera yachiwiri akubwerera atanyamula kamwana ka mbuzi. Titapita kukhola tinapeza mitengo iwiri ya pakona itadyedwa ndi chiswe kunsi, ukaikankha ikutseguka n'kubwerera pamalo pake. Bokosi lina lili ndi mikwingwirima ya mano, aNyirenda munanena.

Nyalugwe waoneka kamodzi, usiku wina, anadutsa osakhotera kukhola. Mwini mbuzi wavomera kumanga khola la m'mwamba, koma achimwene ake akuti poti nyalugwe waoneka ndiye kuti onse akudya. Makamera ndiwasiya pomwepo mpaka khola latsopano lithe. Mai Zulu, mvula ikayamba mu Novembala chinyezi m'kati mumachiletsa bwanji?

Mai Zulu:
Timapaketi ta silika tija topezeka m'mabokosi a nsapato, ikani tiwiri m'kati ndipo muzitiyanika padzuwa mukasintha khadi. Musatsegule kamera kukugwa mvula. Ya kufupi ndi dambo muisunthe madzi asanakwere. Nditumizireni kumbali zithunzi za nyalugweyo, mbali zonse ziwiri ngati zilipo, tione ngati mawanga akuwerengeka.