Zodyera ku hotela ma shefu akupikisana, nzoyenera ndalama yake?

Bambo a Mapasa: Abale ndigaireni nzeru. Hotela ina kuno ku Lilongwe yakonza zoti Loweruka madzulo ma shefu awiri aphike mopikisana inu mukuonerera, aliyense mbale zitatu, mukatha kudya mumavota kuti waphika bwino ndani. K85,000 munthu mmodzi. Ine ndi mayi a kunyumba tikukwanitsa zaka 10 tili pabanja ndiye ndimafuna ndiwadzidzimutse, koma mtima ukukana. Alipo anapitako?

Chemwali wa ku Kawale: Achimwene musayerekeze dala. Ine zoterezi ndinapitako chaka chatha mnzanga atandikakamiza, mpaka lero zimandiwawa. Anatiuza 7 koloko, mbale yoyamba inabwera 9 itadutsa ife tikungomwa madzi nkumaombera mmanja anthu akudula anyezi. Ndiye mbale yake ikulu ngati beseni losambitsira mwana, pakati kachidutswa ka chambo kofanana ndi bokosi la machesi, mmbali timadontho ta msuzi wobiriwira, pamwamba kaduwa. Ndinafunsa weitala kuti duwali nalonso ndi ndiwo? Akuti eya madam, limadyedwa. Chambo chopanda mutu abale! Ine wokulira ku Mangochi mutu ndiye ndimayambira. Bilu pobwera aikaponso VAT, tourism levy, ndi madzi aja timayesa aulere aja. Ndinafika kunyumba 11 koloko nkufunditsa mkute.

Dolo wa Area 25: kkkkk mkute utalipira ndalama ya lendi

Chemwali wa ku Kawale: Usaseke iwe, inali 60 pin yathunthu

Dolo wa Area 25: 60? Msuweni wanga anati analipira 120

Bigi wa ku States: Vuto lanu mumapita malo oterewa ndi njala ya kumunda. Kumeneko sukapitira kukhuta, umalipira zimene maso aona ndi lilime lamva. Ine ndinadyapo ku Hell's Kitchen, lesitilanti ya shefu wotchuka wa pa TV uja Gordon Ramsay, ku Las Vegas, ili pa Caesars Palace, anaitsegula mu 2018. Khitchini ili poonekera, mbali ina yofiira mbali ina yabuluu ngati mmene zimakhalira pa TV paja. Ndinaitanitsa beef Wellington, nyama yokutidwa ndi bowa nkuikulunga mu pesitire, ukaidula mkati ili pinki, mpeni umangolowa wokha. Mtengo sindinayang'ane nkomwe.

Dolo wa Area 25: Bigi funso linali la ku Lilongwe, Las Vegas yalowa bwanji? Komanso nyama ya pinki kwathu kuno timati sinapse

Bigi wa ku States: Ndiye nchifukwa chake simutukuka

Mayi a Geni: Alamu mverani ine. 170 pin ya anthu awiriyo thirani mafuta, nyamukani mmamawa wa ku Senga Bay, mukagule chambo kwa asodzi akungotsika mbwato, akuotchereni pomwepo, mpunga wa Kilombero muphikiretu kunyumba muike mu food warmer. Mkazi amafuna mphepo ya kunyanja ndi zithunzi basi. Chenji mubwere nayo kwa ine ndili ndi zitenje zatsopano, Airtel Money ndi Mpamba zonse ndimalandira.

Dolo wa Area 25: Mafuta ake mwawaona kuti? Bola pa Bwandilo, ootcha nyama pajapo amapikisananso, aliyense akukukoka malaya kuti ulawe yake. Kulawa ndi ulere, voti ndi chikwama chako

Wa ku Khitchini: Ndiyankhuleko monga munthu amene ndaphika mmahotela zaka zambiri. Msuzi umene achemwali akuti timadonthowo timayamba mmawa, mafupa kuwaotcha kaye mu uvuni, kuwawiritsa tsiku lonse mpoto wamkulu mpaka utsale wokwana kapu. Batala, tchizi, kirimu, wayini, zambiri zimachokera ku South Africa, ndipo chigwetsereni kwacha ndi 44% mu November 2023 mitengo yake sinabwererenso pansi. Ndiye kudulako sikuba ayi. Koma chilungamo ndinene, mpikisanowo wambiri ndi sewero. Anthu 50 simungawaphikire pamaso pawo kuyambira pachiyambi, zambiri zimakhala zitapsa kale kumbuyo, kutsogoloko amangomalizitsa, kuthira brandy mu pani moto nkulilima anthu nkukuwa. Ndipo amawina ndi shefu amene waitana abale ake ambiri.

Chemwali wa ku Kawale: Mwamva? Ndinanena ine kuti tinaberedwa

Wa ku Khitchini: Sindinatero chemwali, werenganinso

Bigi wa ku States: Pitani man, zaka 10 si masewera. Mukavale jekete

Bambo a Mapasa: Ndiye mwandisokoneza kuposa poyamba. Nsima amapereka koma?

Chemwali wa ku Kawale: Kamtanda kongati dzira la njiwa, akuti polenta, nsima ya ku Italy

Mayi a Geni: Alamu, mwaiwala kuti mng'ono wa akazi anu ndi admin muno? Wandiimbira pompano, akuti madam ayamba kale kufunsa za saluni

Dolo wa Area 25: kkkkk basi lipirani. Mukadye kaye kunyumba