Thandizeni: mahedi a sekondale akufuna tigwire ntchito limodzi, ndiwayankhe chiyani?

Membala wobisa dzina:
Moni nonse aphunzitsi. Ndine mlembi wa bungwe la mahedi a sukulu za pulayimale m'dera lathu. Anzathu a bungwe la mahedi a sekondale atilembera kalata kuti tiyambe kugwirira ntchito limodzi, ndipo yankho akulifuna pofika Lachisanu. Mutu wanga waima. Apampando athu mauthenga amangowerenga osayankha. Kuitana anthu ku msonkhano ndi ine, kulemba zokambirana ndi ine, ngakhale kuyala mipando ndi ine ndemwe. A sekondalewanso pa msonkhano wa chaka chatha anatikhazika kumbuyo, mpata woyankhula anatipatsa anthu atayamba kale kunyamuka. Kusukulu kwanga achiwiri anga ali pa tchuthi cha uchembere, kalasi lawo ndikuphunzitsa ndine. Koma chikundiwawa n'chakuti mahedi atsopano akuvutika. Munthu amangopatsidwa makiyi a ofesi, palibe womuonetsa kasungidwe ka mabuku a ndalama kapena mmene angalangizire mphunzitsi atamuonerera m'kalasi. Ndivomere kapena ndikane?

Hedi Wopuma:
KANANI amayi! Ine ndapumira pa mpando umenewo, ndikudziwa chimene ndikunena. Migwirizano imeneyi imathera pa malawansi ndi kulimbirana upampando. Inu mudzasonkha ndalama, iwo ndiye adzayankhula pa wailesi.

Mayi a Tadala:
Kodi kalatayo ikuti chiyani kwenikweni? Akufuna mabungwe awiriwa aphatikizidwe, kapena muzingochitira limodzi maphunziro? Zimenezi n'zosiyana.

Bambo a Mphatso:
Ife zinatichitikira. Tinatsegula thumba limodzi ndi bungwe lina, wosayinira ku banki n'kukhala mmodzi. Atasamutsidwa, ndalama zinatsekeka chaka chathunthu, maphunziro amene tinakonza anafera m'mazira. Mpaka lero ena sitipatsana moni.

Sir Wamasamu:
A Hedi Wopuma, musawaopseze. Ku America kuli bungwe la NAESP la mahedi a pulayimale ndi bungwe la NASSP la mahedi a sekondale. Palibe lomwe linameza linzake, koma mu 2015 onse anali m'gulu la mabungwe omwe anagwirizana pa mfundo zofotokoza zimene mtsogoleri wa sukulu ayenera kudziwa ndi kuchita. Ku Kenya nakonso bungwe la mahedi a pulayimale ndi la mahedi a sekondale alipo payekhapayekha. Kugwirizana sikutanthauza kutaya dzina lanu.

Hedi Wopuma:
Inu a Wamasamu mwakhalapo hedi? Zowerenga pa intaneti n'zina, kukhala mu ofesi makolo atakuzungulirani n'zina. Mfundo zolembedwa bwino zadzaza m'makabati. Ndionetseni mwana mmodzi amene anayamba kuwerenga chifukwa mahedi anakumana.

Sir Wamasamu:
Bambo, hedi akaphunzira kuthandiza aphunzitsi ake, amene amapindula ndi mwanayo. Ngakhale lipoti la UNESCO loona za maphunziro padziko lonse la 2024 mutu wake unali utsogoleri m'masukulu.

Hedi Wopuma:
Malipoti! Ife tinaphunzira uhedi poona akuluakulu, popanda msonkhano uliwonse. Ana a masiku ano mukufuna satifiketi pa chilichonse.

Achimwene Ofatsa:
Madam vomerani, koma Lachisanulo mulawire mukagwire mpando wa kutsogolo kkkk.

Anaphiri:
Pepani amayi, koma mwalakwitsa kuwaulutsa apampando anu pagulu ngati lino. Ndiponso mlembi savomera kapena kukana yekha. Kalatayo si yanu, ndi ya komiti. Aitaneni, ngakhale abwere atatu.

Aphunzitsi a Chingerezi:
Zimene akunena a Hedi Wopuma zophunzira poona akuluakulu n'zimene mgwirizano ungachite bwino. Hedi watsopano aliyense mumupezere wakale woti azimuyendera. Yambani ndi chinthu chimodzi chokukhudzani nonse, monga ana ochoka ku pulayimale kupita ku sekondale: a sekondale amawalandira osadziwa amene amavutika kuwerenga kapena amene samva bwino. Lemberanani pa pepala kuti wosunga ndalama ndani, osayinira akhale a mbali zonse, ndipo upampando uzisinthana.

Hedi Wopuma:
Musandiike mawu m'kamwa. Ine ndati AKANE.

Membala wobisa dzina:
Zikomo nonse. Anaphiri, dzina la munthu sindinatchule. Apampandowo ndawaimbiranso madzulo ano, wayankha ndi mwana wawo. Ine ndatopa, mwina ulembiwu ndingotula.

Mayi a Tadala:
Musatule kaye. Tatiuzani zomwe zili m'kalatamo, ndipo muone ngati malamulo a bungwe lanu akulola mgwirizano wotere popanda msonkhano wa mamembala onse.

Bambo a Mphatso:
Ndipo za banki zija musaiwale, osayinira asachepere awiri.