Ndichoke kwa maloya n'kukayamba ntchito yolangiza makampani za ndalama?

Nabanda:
Akuluakulu anga, ndikupempha nzeru pa nkhani imene ndiyenera kuyankha mwezi uno usanathe. Ndagwira ntchito zaka ziwiri pa kampani ina ya maloya kuno ku Harare, ndipo ntchito yanga yaikulu ndi kulemba mapangano ogulitsana masheya komanso kufufuza zikalata za kampani imene ikufuna kugulidwa. Kampani ina yolangiza za ndalama, imene tinagwirapo nayo ntchito limodzi, yandiitana kuti ndikakhale analyst, kutanthauza wosanthula za ndalama woyamba kumene. Malipiro apamwezi ndi otsikirapo pang'ono kuyerekeza ndi amene ndikulandira, koma akuti bonasi ya kumapeto kwa chaka imakhala yaikulu. Ndimalipirira sukulu ang'ono anga awiri ku Mufakose, choncho sindingasankhe mongotengeka. Kodi ndiyang'ane chiyani pa malipiro, maola ndi tsogolo la ntchito ziwirizi?

A Phiri:
Achemwali, choyamba ndikupempheni kuti muchotse m'mutu manambala amene achinyamata amawerenga pa intaneti, chifukwa ndi a ku New York ndi ku London. Kumeneko n'zoona kuti mu 2021 banki yaikulu ya Goldman Sachs inakweza malipiro a analyst wa chaka choyamba kufika pa madola 110,000 pachaka, bonasi ili payokha, ndipo chakumapeto kwa 2023 makampani akuluakulu a maloya ku New York anayamba kulipira loya wa chaka choyamba madola 225,000. Koma ndalama zimenezo zimachokera ku malonda ochuluka amene sadukiza chaka chonse. Kuno malonda aakulu ogulana makampani kapena olembetsa pa msika wa masheya ndi owerengeka, ndipo kampani yolangiza imalandira gawo lalikulu la ndalama zake pokhapokha malondawo atatheka. Mungagwire ntchito miyezi yambiri, kenaka wogula n'kubwerera m'mbuyo kapena chilolezo cha Reserve Bank n'kuchedwa, bonasi ija n'kusanduka nkhani chabe. Maloya amalipiritsa maola amene agwira, malonda atheke kapena alephereke, ndipo n'chifukwa chake malipiro awo amakhala okhazikika.

Za maola ndinene mosabisa. Mu 2021 momwemo gulu la ma analyst a Goldman Sachs linadandaula kuti likugwira maola oposa 90 pa sabata, ndipo mu 2024 banki ina yaikulu ya JPMorgan inaika malire a maola 80. Ife kuno sitifika pamenepo sabata iliyonse, koma malonda akayandikira kutsekedwa mudzatuluka mu ofesi usiku kwambiri, Loweruka ndi Lamlungu lomwe.

Mayi Nangondo:
Mwanawe, a Phiri anena zoona, koma pali chinthu chimodzi chimene sanachikhudze ndipo kwa ine ndicho mutu wa nkhani. Malamulo athu salola loya kutsegula kampani yake kapena kukhala partner, mmodzi wa eni kampani, asanagwire ntchito pansi pa loya wamkulu kwa miyezi 36 chilembetsereni ku High Court. Iwe wakwanitsa zaka ziwiri, ndipo chatsala chaka chimodzi chokha. Ukachoka lero, udzakhala ndi dzina la uloya koma wopanda ufulu woima pawekha, ndipo tsiku limene udzafune kubwerera udzayenera kufunafuna wokulandira kuti umalize, pamene anzako amene unayamba nawo ali patsogolo. Ndaona atsikana anzeru akutaya ufulu umenewu chifukwa cha bonasi ya chaka chimodzi, ndipo zimandiwawa mtima. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Sindikunena kuti njira yathu ndi yofewa. Kuchoka pa associate, loya wolembedwa ntchito, kufika pa partner kumatenga zaka zambiri, ndipo safika onse, chifukwa partner amayenera kubweretsa makasitomala ake, osati kungodziwa malamulo. Maola athunso ndi aatali, ndipo aliyense amafunsidwa kuti walemba maola angati olipiritsa. Komabe loya wa makampani ali ndi makomo ambiri otulukira: angakhale loya wa banki, wa kampani ya migodi kapena ya inshulansi, angakhalenso mlembi wa kampani, ndipo ntchito yotereyi inachuluka lamulo latsopano la makampani, Companies and Other Business Entities Act, litayamba kugwira ntchito mu 2020.

A Mwale:
Amayi, ndikuvomereza za chaka chotsalacho, koma ndikupempha tisamuopseze mlongo wathu ngati kuti mbali inayo kulibe tsogolo. Msika wa masheya wa Victoria Falls Stock Exchange utatsegulidwa mu 2020, kumene masheya amagulitsidwa m'madola a ku America, makampani monga Padenga, Simbisa ndi Innscor anasamukira kumeneko, ndipo pa kusamuka kulikonse panafunika alangizi a zandalama pamodzi ndi maloya. Munthu wodziwa mbali zonse ziwiri ndi wosowa kwambiri mumzinda muno. Makwerero ake ndi odziwika: analyst zaka ziwiri kapena zitatu, kenaka associate, vice president, mpaka director, ndipo ambiri amatulukira m'njira n'kupita ku makampani oika ndalama m'mabizinesi kapena ku mabanki a chitukuko.

Nkhawa yanga ili pa udindo umene akupatsani, achemwali. Analyst ndi woyamba kumene, ndiye kuti zaka zanu ziwiri aziwerenga ngati palibe. Komanso ntchito yake si yolemba mapangano ayi, ndi ya Excel, yowerengera mtengo wa kampani ndi kusanthula malipoti a zachuma. Kodi munaphunzirapo zimenezi? Ngati ayi, yambani maphunziro a CFA, a ukatswiri wosanthula za ndalama, amene ali ndi magawo atatu, ndipo gawo loyamba lokha lidzakuuzani ngati manambala mumawakonda.

Nabanda:
Zikomo kwambiri nonse. A Mwale, akawunti ndinaiphunzira pang'ono chabe, ndipo sindinapangepo chiwerengero cha mtengo wa kampani. Nanga ndikapita kukawayankha ndikafunse chiyani?

A Phiri:
Kafunseni zinthu zitatu ndipo mayankho akhale olembedwa m'kontrakiti. Malipiro ndi bonasi zidzaperekedwa m'ndalama iti, madola kapena ZiG, ndalama yathu ya Zimbabwe, ndipo ngati n'zosakaniza, gawo lililonse ndi lotani? Tonse tinaona mmene malipiro anasungunukira ZiG isanabwere mu Epulo 2024, choncho funso limeneli musachite nalo manyazi. Kenaka bonasi amaiwerengera bwanji, kapena imangodalira chifundo cha bwana? Pomaliza, ma analyst a zaka zitatu zapitazi analandiradi bonasiyo kangati? Kampani yokhulupirika siingakwiye ndi mafunso amenewa.

Mayi Nangondo:
Uwapemphenso kuti akudikire miyezi khumi ndi iwiri. Ngati akukufuna chifukwa cha ntchito imene anaona, adzakudikira. Pakadali pano pempha mkulu wako kuti azikuika pa nkhani zolembetsa makampani pa msika wa masheya ndi zokapempha chilolezo ku Competition and Tariff Commission, bungwe loona za mpikisano pa malonda, popeza kumeneko ndi kumene uzikumana ndi alangiziwo tsiku ndi tsiku.

Nabanda:
Ndabwerako, akuluakulu. Za ndalama andiuza kuti malipiro apamwezi ndi a madola, koma bonasi ilibe ndondomeko yolembedwa ndipo chaka chatha sinaperekedwe. Ndawafotokozera kuti ndikufuna kumaliza miyezi 36 kaye, ndipo avomera kuti tidzakambiranenso chaka chamawa, ndipo ndikadzakhala nditakhoza gawo loyamba la CFA adzaganizira zondilandira ngati associate. Mkulu wanga wavomeranso kundiika pa nkhani ya kampani ina imene ikukonzekera kulembetsa pa msika. A Mwale, ndikupempha mundiuze mabuku a akawunti oyambira nawo, kuti ndiyambe kuwerenga ndisanalembetse mayeso.