Gemu yathetsedwa ndi mvula, post yachikondwerero yatuluka yokha, ndipange bwanji?

Nachisale_PR: Anzanga a comms thandizeni msanga, mutu wanga sukugwira. Ndimayendetsa masamba a ligi ina ya kiriketi ya T20 (magemu aafupi a ma over 20 timu iliyonse, over imodzi ndi mipira 6), dzina sinditchula. Dzulo mvula inathetsa gemu timu yachiwiri isanamenye ngakhale ma over 5, ndiye palibe wopambana. Anthu anyowa maola atatu. Ine kuiwala kuti mu Business Suite, pulogalamu ya Facebook yoikiratu ma post, munali post yoti ituluke 10 koloko usiku: mascot akuvina, pamwamba "Usiku wosaiwalika!" Yatuluka anthu akufinya malaya pa geti. M'mawa uno ma comment ali mbwee, ndipo nkhani ya mvula yatha, pano ndi refund, kudula kwa matikiti, ena mpaka akuti ligi yathu ikupha ma Test, magemu aatali a mayiko a masiku asanu aja. Akutaga sponsor wamkulu. Abwana akuti fufutani zonse. Ndifufute?

Mjomba_Digital: Tsekani ma comment achemwali. Masiku awiri aiwala.

Nabanda: Musafufute mwakachetechete, screenshot anajambula kale. Chotsani post ya mascot yo koma munene poyera kuti inali yoikiratu ndipo mwalakwitsa. Choyamba imitsani zonse za scheduled, pa X ndi pa Instagram pomwe. Za refund musayankhe ngakhale munthu mmodzi a matikiti ndi a legal asanakupatseni cholembedwa. Mukalemba "tibweza" kamodzi basi, lasanduka lonjezo la kampani.

Kabaza FC: Zandikumbutsa IPL, ligi ya T20 ya ku India, mu 2021. Corona ikupulula anthu ku India, zipatala zikusowa oxygen, masamba a ligi ali kalikiliki kuponya ma six. Anaimitsa pa 4 May matenda atalowa m'matimu momwe. Ine nthawi imeneyo ndinali pa agency ina, client wathu wa zakumwa anali ndi ma post a mwezi wonse oikiratu. Tinachezera usiku kuwachotsa limodzilimodzi, laptop ili pa bondo, magetsi atazima.

Mjomba_Digital: Zonsezo zikanapeweka akanatseka ma comment.

Nabanda: Amjomba, mukatseka pa Facebook amakagwera tsamba la sponsor. Ndiye foni yotsatira imachokera kwa amene amalipira malipiro a Nachisale.

Gogo wa Newsroom: Mwana wanga, siyanitsa anthu akukalipawo. Wonyowa akufuna ndalama yake, ameneyo umuyankhe. Wa ma Test sungamuthe ndi post. Taona SA20, ligi ya T20 ya ku South Africa, mu 2024: South Africa inatumiza ku New Zealand timu ya Test yodzaza ndi osewera atsopano chifukwa akatswiri anatsalira ligi, kaputeni Neil Brand anali asanaseweretsepo Test, anagonja 2-0, Steve Waugh, kaputeni wakale wa Australia, anakalipa pa Instagram. Ameneyo anali mkangano wa kalendala ndi ndalama za bodi, admin akanalemba chiyani? Ku England ligi ya magemu aafupi ya The Hundred idayamba 2021 koma okonda matimu akale a m'zigawo, ma county, mpaka lero sanaikhululukire. Ukayamba kutsutsana nawo uchezera.

Nachisale_PR: Ndaimitsa ma scheduled. A legal sakuyankha foni. Nanga otukwana osewera ndi mayina?

Nabanda: Amenewo hide, osati delete, ndipo sungani screenshot ndi link. Zatsankho ndi zoopseza pititsani kwa a chitetezo a ligi. Koma wongodandaula musamubise, amazindikira msanga anthu ena akamuuza kuti comment yake sikuoneka. Uzaninso osewera asayankhe okha usiku.

Kabaza FC: Komanso musayese nthabwala. Wina kwathu anayankha ndi meme ya ambulera, inafika mpaka pa wailesi.

Mjomba_Digital: Ndanena kale ine. Palibe comment, palibe meme, palibe wailesi. Zaka zonsezi ndakhala ndikutseka sindinachotsedwepo ntchito.

Gogo wa Newsroom: Inu masamba anu ndi a mahotela amjomba, wa hotela sakhala ndi timu mumtima.

Mjomba_Digital: Kasitomala ndi kasitomala basi.

Kabaza FC: Kodi pali amene akulipirabe Hootsuite, pulogalamu yoyendetsera masamba ija? Mtengo wake wandikwana, ndikuganiza zosamukira ku Buffer, koma client akufuna report yokhala ndi ma graph.

Nabanda: Funso limenelo liyambitseni palokha. Nachisale, a legal aja ayankha?