Kodi anthu otchuka amene ali ndi mayina ofanana amasiyanitsidwa bwanji?

Tiyamike:

Ndikupempha thandizo kwa amene amazitsata bwino nkhanizi. Powerenga za makompyuta amene amaphunzitsidwa kuzindikira zinthu kuchokera m'ziwerengero, ndikukumana kawirikawiri ndi dzina la Michael Jordan, lomwe ambirife timalidziwa kuti ndi la katswiri wa basketball wa ku America, ndipo dzina lomwelo limaonekanso pa zithunzi zotsatsira mafilimu. N'zodziwikiratu kuti munthu mmodzi sangachite zonsezi, choncho ndikufuna kudziwa kuti anthuwa alipo angati komanso ngati pali ubale pakati pawo. Funso langa lalikulu ndi lakuti, kodi pali lamulo limene limanena zoyenera kuchita anthu awiri otchuka akapezeka kuti dzina lawo ndi limodzi, kapena aliyense amangodzionera yekha njira?

Kondwani:

A Tiyamike, amene mukuwanenawo alipo atatu ndipo palibe ubale uliwonse pakati pawo. Wamasewero uja anabadwa mu 1963, ndipo anatenga chikho cha NBA, ligi yaikulu ya basketball ku America, maulendo 6 ndi timu ya Chicago Bulls, kuyambira 1991 mpaka 1993, kenako 1996 mpaka 1998. Wa m'mafilimu ndi Michael B. Jordan, wobadwa mu 1987, amene dzinalo analitengera kwa bambo ake omubereka, osati kwa wosewera mpira monga ena amaganizira, ndipo B imeneyo ikuimira Bakari. Amene mukuwerenga zolemba zakeyo ndi Pulofesa Michael I. Jordan wa pa yunivesite ya California ku Berkeley, yemwe ndi wamkulu pa onsewo chifukwa anabadwa mu 1956. Pakati pa anthu a sayansi ya makompyuta ndi ziwerengero dzina lake ndi lolemera kwambiri, koma mukalilemba pa intaneti popanda I wapakatiyo, mudzaona zithunzi za mpira ndi nsapato zokhazokha.

Lamulo limodzi logwira paliponse kulibe. Pamaphunziro ndi pamene vutoli limapweteka kwambiri, chifukwa m'magazini ambiri a kafukufuku wolemba amangotchulidwa ndi dzina la makolo ndi chilembo choyamba cha dzina lake, moti munthu wolembedwa kuti J. Smith kapena Y. Wang akhoza kukhala wina aliyense mwa anthu miyandamiyanda. Popeza kukwezedwa pantchito ndi kupeza ndalama zochitira kafukufuku kumadalira kuchuluka kwa zimene munthu walemba ndi kuchuluka kwa anzake amene azitchula, kusokonezeka kwa mayina kumatanthauza kuti thukuta la wina likhoza kuwerengedwa kwa mnzake. N'chifukwa chake mu 2012 kunakhazikitsidwa ORCID, nambala ya zilembo 16 imene wofufuza amalembetsa kamodzi n'kumaiika pa chilichonse chimene wasindikiza, ngakhale atasintha yunivesite kapena dzina lenilenilo. A m'malaibulale anali ndi njira yawo kale, yowonjezera zaka pambali pa dzina. Mukaona Francis Bacon, 1561 mpaka 1626, dziwani kuti ndi wafilosofi wa ku England, pamene Francis Bacon, 1909 mpaka 1992, ndi wojambula zithunzi amene anabadwira ku Dublin.

Mayamiko:

Ndiwonjezereko za mpira wa miyendo, kumene nkhaniyi siithera m'mabuku koma pakamwa pa ochemerera ndi owulutsa mpira pa wailesi. Pamene Ronaldo wa ku Brazil, wobadwa mu 1976, anapita ku chikho cha dziko lonse cha 1994 ali ndi zaka 17, m'timumo munali kale Ronaldo wina wamkulu wosewera kumbuyo, choncho wamkuluyo ankatchedwa Ronaldão ndipo mnyamatayo Ronaldinho, kutanthauza Ronaldo wamng'ono. Ngakhale pa masewero a Olympics a 1996 ku Atlanta, pamsana pa jezi yake panalembedwa Ronaldinho. Atatchuka analitenga dzina lonse lakuti Ronaldo, ndipo la Ronaldinho linagwera mnyamata wina, Ronaldo de Assis Moreira, wobadwa mu 1980, amene dziko lonse likumudziwa ndi dzinalo mpaka lero. Chondidabwitsa ine n'chakuti munthu amene anamwetsa zigoli 15 m'chikho cha dziko lonse, kuphatikizapo ziwiri zimene anagonjetsera Germany pa ndime yomaliza mu 2002, lero ayenera kutchulidwa kuti Ronaldo Nazário kapena R9, chifukwa mukangoti Ronaldo basi, achinyamata amamva kuti mukunena Cristiano wa ku Portugal.

Zimenezi zinamuchitikiranso Luis Suárez wa ku Spain, wobadwa mu 1935, amene anapata mphoto ya Ballon d'Or mu 1960 akusewerera Barcelona, kenako n'kukatenga chikho cha ku Ulaya kawiri ndi Inter Milan mu 1964 ndi 1965. Adzina ake a ku Uruguay, obadwa mu 1987, atafika ku Barcelona komweko mu 2014, zinayamba kufunika kuti potchula wakaleyo tiziwonjezera dzina lake lachiwiri la makolo lakuti Miramontes.

Koma chitsanzo chimene chimavutitsa owulutsa mpira kwenikweni ndi cha anthu awiri a dzina limodzi m'timu imodzi pa nthawi imodzi. Timu ya England ya pa chikho cha dziko lonse cha 1986 inali ndi a Gary Stevens awiri, wina wa Everton ndi wina wa Tottenham. Mali nayo, pa chikho cha mu Africa cha 2019 ku Egypt, inali ndi a Adama Traoré awiri, onse obadwa m'mwezi wa June mu 1995, ndipo onsewo anamwetsa chigoli pa masewero amene anagonjetsa Mauritania 4-1. Munthu woona mndandanda wa omwetsa zigoli akanaganiza kuti wosewera mmodzi wamwetsa ziwiri. Anthu amawasiyanitsa ndi mayina owonjezera, wina Noss ndi wina Malouda, ndipo onsewa si Adama Traoré wothamanga kwambiri uja amene anasewerera Wolverhampton ndi timu ya dziko la Spain. Amene amatsata Flames akumbukirenso kuti Gerald Phiri Jr. wosewera pakati si Gerald Phiri wa ku Zambia, wothamanga mipikisano ya mamita 100 amene anaimira dziko lake pa Olympics ya 2012 ku London.

Chisomo:

Pa funso la lamulo, ochita mafilimu ndi zisudzo ndiwo ali ndi chinthu choyandikira lamulo lenileni. Mabungwe awo, monga SAG-AFTRA (kale Screen Actors Guild) ku America ndi Equity ku Britain, akhala akupewa kulembetsa anthu awiri ndi dzina limodzi la pantchito, chifukwa malipiro ndi mbiri ya ntchito zimatsata dzinalo. Michael Keaton anabadwa ali Michael Douglas, koma dzinalo linali ndi mwini wake kale. Michael J. Fox anapeza kuti Michael Fox wina analembetsa kale, ndipo J amene anaikapo saimira dzina lake lapakati, lomwe ndi Andrew. David Tennant dzina lake lobadwa nalo ndi David McDonald. Oimba alibe bungwe lowakakamiza motero, koma nawonso amathawa chisokonezo: David Jones anadzitcha David Bowie kuti asamasokonezedwe ndi Davy Jones, amene anadzatchuka ndi gulu la The Monkees. Pamene palibe amene wasintha, zimakhala ngati za a Roger Taylor, omwe awiri mwa iwo ndi oimba ng'oma, wina wa gulu la Queen ndi wina wa Duran Duran, ndipo wachitatu ndi wosewera tenisi wa ku Britain amene anafika mu ndime yachiwiri kwa yomaliza ku Wimbledon mu 1967, 1970 ndi 1973.

Tiyamike:

Zikomo kwambiri nonse. Pa zimene mwafotokozazi ndikuona ngati wobwera pambuyo ndiye amasintha dzina m'mafilimu, pamene mu mpira wotchuka kwambiri pa nthawiyo ndiye amalanda dzinalo ngakhale atabwera mochedwa. Kodi zinayamba zachitikapo kuti anthu awiriwo akambirane okha n'kugwirizana, popanda bungwe kapena ochemerera kuwasankhira?

Kondwani:

Zinachitikapo, ndipo nkhani yodziwika bwino ndi ya a Winston Churchill awiri. Wa ku America, amene anabadwira ku St. Louis mu 1871, anali mlembi wa mabuku a nthano zopeka amene ankagulidwa kwambiri kumapeto kwa zaka za m'ma 1890 ndi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Wa ku Britain, wobadwa mu 1874, amene anadzakhala nduna yaikulu ya dzikolo, pa nthawiyo anali mnyamata wolemba nkhani za kunkhondo, asanakhale n'komwe phungu wa nyumba ya malamulo. Mu 1899 wa ku Britain analembera kalata adzina akewo, yowadziwitsa kuti pofuna kupewa chisokonezo iye azisaina zolemba zake kuti Winston Spencer Churchill, ndipo wa ku America, amene analibe dzina lapakati loti n'kuwonjezera, anavomera mwaulemu. N'chifukwa chake pa mabuku ambiri a nduna yaikulu ya Britain ija pamalembedwa Winston S. Churchill. Amene analolera kusintha ndiye anadzalandira mphoto ya Nobel ya zolembalemba mu 1953, pamene amene anasiyiridwa dzina lonse anamwalira mu 1947 anthu atayamba kale kumuiwala, ndipo mpaka lero mabuku ake ena amaikidwa molakwika pansi pa dzina la mnzakeyo.

Pa mfundo yanu yakuti wotchuka amalanda dzina, ndikugwirizana nanu pang'ono chabe. Kutchuka kumayenderana ndi malo amene mukulankhulira. Mukatchula Brian Cox pakati pa okonda zisudzo, adzaganiza za mkulu wa ku Scotland amene anabadwira ku Dundee mu 1946, koma m'kalasi ya fizikisi dzinalo ndi la pulofesa wa pa yunivesite ya Manchester, wobadwa mu 1968, amene anagwirapo ntchito ku CERN, malo aakulu ochitira kafukufuku wa fizikisi ku Ulaya, ndipo ali wachinyamata ankaimba kiyibodi m'gulu la D:Ream. Palibe mwa awiriwa amene anasintha dzina, ndipo sindikuona kuti pali amene anamulanda mnzake kanthu, popeza ntchito zawo n'zotalikirana moti chiganizo chimodzi chokha chimakwanira kusonyeza amene akunenedwa.

Mayamiko:

A Kondwani, pamenepo mwanena zoona ngati ntchito zili zotalikirana, koma zikakhala zofanana chiganizo chimodzi sichikwanira. Mousa Dembélé wa ku Belgium ndi Moussa Dembélé wa ku France onse anasewerera Fulham, ndipo mayina awo amasiyana ndi chilembo chimodzi cha s chimene khutu silingachimve pa wailesi. Mukanena kuti Dembélé wa Fulham simunasiyanitse kanthu, mpaka mutawonjezera kuti wa ku Belgium anachoka mu 2012 kupita ku Tottenham, pamene wa ku France anapita ku Celtic mu 2016. A Tiyamike, ngati mukulemba za munthu wotere, ikanipo chaka chobadwa, dziko lake ndi timu kapena yunivesite yake pa nthawi imene mukunenayo, ndipo muchite zimenezi pamalo oyamba pamene dzinalo laonekera.