Mwana wa zaka 5 sakukhazikika pa tebulo, ndikulakwitsa pati?

Amake_Tadala:
Moni abale ndi alongo. Ndakhala ndikungowerenga muno osalemba kanthu koma lero zandikwana. Ine ndi bambo akunyumba tinagwirizana kuti ana tiziwaphunzitsa tokha pakhomo zaka zoyambirirazi, chifukwa tikufuna mawu a Mulungu azimveka m'nyumba tsiku lililonse osati Lamulungu lokha. Tadala ali ndi zaka 5, womupondayo 3, ndiye pali wakhanda wa miyezi 7 woti akuyamwa. Ndinalemba ndandanda yokongola ndithu nkumata pakhoma, 8 koloko pemphero ndi vesi, kenako zilembo, masamu, kujambula mpaka 12 koloko, koma chiyambireni sitinaimalizepo olo tsiku limodzi. Dzulo timalemba b ndi d, walemba katatu basi walowa pansi pa tebulo akuti dzanja likuwawa, mng'ono wakeyo wang'amba tsamba la bukhu, wakhanda akulira kumsana, ine ndinakalipa mpaka ndinadzidabwa kuti mawu amenewa akutuluka mkamwa mwanga. Ndiye madzulo ake vesi yathu inali ya chipatso cha Mzimu, ndikuwauza za kuleza mtima anawo akungondiyang'ana, manyazi ake abale. Apongozi nawonso akungoti muwononga ana. Kodi ndingomupititsa kusukulu basi?

Agogo_a_Chisomo:
Mwanangu pepani, koma ndaseka pang'ono chifukwa pansi pa tebulo pamenepo anga onse anayi anadutsapo. Vuto si mwanayo ayi, ndi ndandanda yanuyo. Maola anayi kwa mwana wa zaka 5? Ngakhale ine nkhalamba ndingalowe pansi pa tebulo kkkk. Mwatenga sukulu yonse nkuilowetsa pabalaza, chonsecho kusukulu nthawi yambiri imathera kufoletsa ana, kuitana maina ndi kudikirana, inu muli ndi mmodzi yekha woti mukuyang'anizana naye maso ndi maso. Kunali mphunzitsi wina ku England dzina lake Charlotte Mason, anamwalira mu 1923, amene mabanja ambiri ophunzitsa ana pakhomo amatsatirabe nzeru zake, iyeyo ankati phunziro la mwana wamng'ono lisapitirire mphindi 15 kapena 20, ndipo maphunziro okhala pa tebulo asayambe mwana asanakwane zaka 6, nthawi yambiri azikhala panja akuona zinthu. Chimene ndinatengako kwa iye nchoti ukamuwerengera mwana nkhani usamufunse mafunso ngati mayeso, ungoti tandiuza zimene wamva, afotokoze yekha m'mawu ake. Wanga wachiwiri anandifotokozera nkhani ya Yona mpaka kundiuza mmene munkanunkhira m'mimba mwa chinsomba, zoti ine sindinanene nkomwe, koma mpaka lero ndi bambo wa ana awiri sanaiiwale.

Za b ndi d musadandaule, ana ambiri amazitembenuza mpaka zaka 7. Ndipo dzanja likhoza kumawawadi, timinofu ta zala tisanakhwime pensulo imatopetsa. Azilemba ndi chala pamchenga, aziumba zilembo ndi dongo, azimanga mabatani a malaya yekha. Komanso kawerengeni bwino Deuteronomo 6:7, nthawi zophunzitsira ana zimene zatchulidwa pamenepo ndi pokhala m'nyumba, poyenda panjira, pogona ndi podzuka. Tebulo mulibemo.

Bambo_Limbani:
Mayi, ine funso langa ndi limodzi, bambo akunyumba ali kuti pa ndandanda imeneyi? Mwati munagwirizana awiri koma ndikuona katundu yense ali pamutu panu. Aefeso 6:4 akulankhula ndi atate mwachindunji, kuti asakwiyitse ana koma awalere m'chilangizo cha Ambuye, ndiye ife azibambo timakonda kuvomera zinthu pakamwa kenako nkumangofunsa madzulo kuti lero mwaphunzira chani. Ine ndimaweruka mochedwa koma nkhani ya m'Baibulo pogona ndi yanga, ndipo Loweruka m'mawa ana ndimawatenga onse kuti mayi awo apumeko. Susanna Wesley, mayi wa John ndi Charles Wesley amene anayambitsa mpingo wa Methodist, anabereka ana 19 ngakhale ambiri anamwalira ali aang'ono, ndipo otsalawo ankawaphunzitsa yekha kunyumba ku Epworth m'dziko la England, koma chimene chimandigwira mtima ndi choti mwana aliyense anali ndi tsiku lake pa sabata loti acheze naye payekha, John lake linali Lachinayi. Mwina Tadala akungofuna amayi ake opanda wina kumsana.

China, fufuzani malamulo a dziko limene mukukhala mwanayo asanafike msinkhu woyamba sukulu. Ku Germany kuphunzitsa ana pakhomo nkoletsedwa, ku America nkololedwa m'zigawo zonse 50 koma zina zimafuna ulembetse komanso mwana aziyesedwa.

Madamu_J:
Ine ndine mphunzitsi wa makalasi oyambirira komanso Mkhristu, ndiye ndilankhula zosiyana pang'ono, musandiponye miyala. Achimwene mwatchula Susanna Wesley koma simunanene kuti iye ankaphunzitsa maola 6 pa tsiku kuyambira mwana akangokwana zaka 5, ndiye si onse akale amene ankachita za mphindi 15 zimene akunena agogowa. Pa msinkhu ndikugwirizana nawo, ku Finland ana amayamba sukulu yeniyeni ali ndi zaka 7 ndipo sawerenga movutikira chifukwa cha zimenezo. Koma apongozi anu musawaone ngati adani, mantha awo ali ndi mutu. Ndalandirapo ana ochokera pakhomo ena oti akuwerenga kuposa kalasi yonse, ena oti zaka 8 mavesi ali pamtima mbwee koma kuphatikiza zilembo ziwiri osatha, komanso osadziwa kudikira nthawi yawo pamasewera chifukwa sanazolowere anzawo osakhala abale. Ndiye mukapitiriza, pezani mabanja ena muzikumana kamodzi kapena kawiri pa sabata, ndipo pakutha pa chaka munthu wina osati inu amumvetsere mwanayo akuwerenga. Akamayandikitsa kwambiri bukhu kumaso kapena kumangoti mwati chani, kamuyezetseni maso ndi makutu musanaganize kuti ndi mwano. Ndipo tsiku lina mukadzaona kuti sizikuyenda nkumupititsa kusukulu, simunachimwe, Timoteo anaphunzira malemba kwa agogo ake Loisi ndi mayi ake Yunike ndipo ntchito imeneyo palibe sukulu ingakulandeni.

Amake_Tadala:
Zikomo nonse, ndawerenga kangapo. Madamu sindikuponyani miyala, za maso zija ndakonza kuti tipite sabata yamawa chifukwa amatsinzina diso limodzi akamaona zithunzi. Ndandanda ndaimatula. Lero tachita mphindi 15 zokha wakhanda atagona, masamu tawerengera masokosi pochotsa pachingwe, wafika 14 nkuyamba kukangana ndi mng'ono wake kuti limodzi lasowa mnzake. Ndinamupepesanso za kukalipa kuja, iye akuti chabwino amayi koma mawa musadzayambirenso. A Limbani uthenga wanu ndawaonetsa bambo ake, angoti hmm nkutenga Baibulo la ana lija, panopa ndikumva kuchipinda akulimbana ndi funso loti mikango ya Danieli inadya chani usiku umenewo.